Kodi magazi sangaonetse COPD mwa munthu wokalamba? Bambo anga akulephera kuuzira makina

MwanaWachitatu:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya bambo anga a zaka 76. Anayamba kusuta fodya ali mnyamata, asiya zaka zisanu zapitazi. Masiku ano akangoyenda pang'ono amabanika, posamba pokha amapumulira kawiri, ndipo m'mawa uliwonse amakhosomola makhololo mpaka nyumba yonse kudzuka. Chaka chathachi anagonekedwa kawiri. Adokotala akuganiza kuti ndi COPD, matenda okhalitsa a m'mapapo obanikitsa, koma akuti kuti atsimikize mpaka bambo auzire makina aja oyeza mpweya a spirometry. Tapitako kawiri, kawiri konse zakanika. Akangouzira pang'ono chifuwa chimawatsamwa, nkuyamba kukhosomola, makina nkukana.

Magazi anawatenga, timabotolo titatu, ndipo pepala la zotsatira ndili nalo. Pomwe alemba eosinophils pali 0.34, CRP 9, Hb 16.9. Funso langa ndi ili: shuga amamudziwa ndi magazi, malungo ndi magazi, impso ndi magazi. Nanga mapapo bwanji? Palibe choyeza m'magazi choti chinene kuti ndi COPD, nkhalamba izileke kuvutika ndi kuuzira? Zimandiwawa kuwaona akufiira maso, mitsempha ya m'khosi ili tototo, kenako nkuuzidwa kuti mubwerenso.

Kalikokha:
Pepani ndi matenda achemwali. Amayi anga zinalinso chimodzimodzi, anakwanitsa ulendo wachitatu. Musataye mtima.

WaMuLabu:
Achemwali, ine ntchito yanga ndi yoyeza magazi, ndiye ndiyankhe mosabisa: palibe. Mpaka lero palibe chinthu cha m'magazi chomwe dokotala angaone nkunena kuti uyu ali ndi COPD, uyu alibe. Malungo timawapeza m'magazi chifukwa kachilomboko kamakhala m'magazimo. Shuga nayenso ali momwemo. Koma COPD ndi vuto la njira za mpweya zomwe zaning'a, ndi timatumba ta m'mapapo tomwe taonongeka, moti mpweya umalowa koma potuluka umavuta. Mpopi ukatsekeka simungadziwe poyeza madzi omwe ali mu ndowa, mumadziwa poona mmene madziwo akutulukira.

Makina aja amayeza zinthu ziwiri: mpweya womwe munthu watulutsa mu sekondi yoyamba, ndi mpweya wonse womwe watulutsa mpaka kumapeto. Amayamba ampatsa mankhwala opopera otsegula njira za mpweya, kenako nkugawa nambala yoyambayo ndi yachiwiri. Ikakhala pansi pa 0.7, ndipo munthuyo ali ndi zizindikiro komanso mbiri ya utsi, ndiye amati COPD. Umenewu ndi muyeso wa bungwe la GOLD, lomwe malangizo ake madokotala ambiri padziko amatsata kuyambira 2001.

OsandinamizaIne:
Ndiye atengeranji mabotolo atatu ngati magazi sanena kanthu? Izi ndi zija zongochulutsa mapepala, wodwala ali chibanikire.

WaMuLabu:
Sindinati sanena kanthu achimwene. Ndati sanena dzina la matenda. Zomwe amanena ndi zina, ndipo pa pepala la achemwaliwa pali nambala imodzi yofunika kwambiri.

MwanaWachitatu:
Iti imeneyo? Ine ndimaopa ya Hb chifukwa anaika kanyenyezi pambali pake.

DotoloWaChifuwa:
Ndilowepo. Nambala yomwe akunena a WaMuLabu ndi 0.34 ija. Ma eosinophil ndi mtundu umodzi wa maselo oyera a m'magazi. Malabotale ena amalemba 0.34, ena amalemba 340, ndi chinthu chimodzi: maselo 340 mu maikulolita imodzi ya magazi. Mukangochulukitsa ndi 1,000 mwapeza.

Kufunika kwake ndi kotere. Mankhwala opopera a COPD alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Ena amangotsegula njira za mpweya. Ena ali ndi steroid, amaziziritsa kutupa kwa mkati mwa njirazo. Kale pafupifupi aliyense ankapatsidwa a steroid. Kenako zinaoneka kuti sathandiza onse mofanana, ndiponso amaonjezera mpata wodwala chibayo, chomwe kwa munthu wa zaka 76 si nkhani yocheza. Ofufuza atabwereranso ku zotsatira za kafukufuku wamkulu wakale, anapeza kuti omwe amapindula kwambiri ndi aja ma eosinophil awo ndi ambiri. Kuyambira mu lipoti la 2019, GOLD inaika malire awiri. Pansi pa 100, steroid wopopera sathandiza kwenikweni. Kuyambira 300 kupita m'mwamba, mwayi woti athandiza ndi waukulu. Pakati pa 100 ndi 300 dokotala amayang'ana kuti munthuyo chifuwa chimamuthina kangati pa chaka.

Bambo anu agonekedwa kawiri chaka chimodzi ndipo ali pa 340. Spirometry ikatsimikiza, sindingadabwe adokotala awo atawapatsa mpopero wophatikiza mankhwala atatu, awiri otsegula ndi mmodzi wa steroid. Koma ine sindinawaone, chisankho ndi cha amene akuwapima.

Ndiye kwa a OsandinamizaIne: kabotolo kamodzi aka kangathe kupulumutsa nkhalamba ina ku mankhwala omwe akanangoibweretsera chibayo.

GogoWaMpopero:
Ana inu, ine ndi mwini wake wa matendawa, zaka 71. Zomwe anena adokotalazi zinandichitikira. Ndinakhala zaka zinayi pa mpopero wa steroid. Chibayo chinandigwira kawiri, ulendo wachiwiri ana anga anaitanizana usiku poganiza kuti basi. Nditachira ndinakumana ndi dokotala wina wachitsikana amene anatsegula faelo yanga yonse nkuyang'ana magazi a m'mbuyo. Anapeza 60, 80, 50. Anandifunsa ngati ndinadwalapo mphumu ndili mwana, ndinati ayi. Anandichotsa pa steroid, nkundisiyira otsegula awiri. Papita zaka zitatu, chibayo sichinabwerenso. Kubanika kulipo, sindinama, koma sikunaonjezereke chifukwa chosiya uja.

Chomwe chimandipweteka mtima nchakuti manambalawo anali mu faelo nthawi yonseyi. Palibe anawayang'ana.

Mkamwini77:
Agogo, ndiye apongozi anga asiye? Awo analemba 0.0, ndipo ali pa mpopero wa steroid.

DotoloWaChifuwa:
Ayi, asasiye okha chonde. Choyamba ndifunse: magaziwo anawatenga liti?

Mkamwini77:
Ali m'chipatala, tsiku lachitatu atagonekedwa.

DotoloWaChifuwa:
Ndiye nambala imeneyo isakusokonezeni. Munthu akagonekedwa chifuwa chitamuthina, nthawi zambiri amapatsidwa steroid wakumwa wotchedwa prednisolone kapena steroid wa jakisoni, ndipo ameneyu amagwetsa ma eosinophil mpaka pafupifupi kutha m'maola ochepa. Matenda aakulu a mabakiteriya nawonso amawatsitsa. Nambala yodalirika ndi ya munthu ali bwino, patapita masabata angapo chimalizireni mapiritsi. Komanso ngati apongozi anu ali ndi mphumu pamodzi ndi COPD, steroid wopopera sachotsedwa ngakhale nambala itsike.

WaMuLabu:
Ndionjezere mbali inayo, chifukwa adokotala anena 340 ngati kuti yatha nkhani. Ine ndimaona manambalawa tsiku ndi tsiku ndipo sakhala malo amodzi. Munthu yemweyo lero 340, mwezi wamawa 220. Amasintha ngakhale ndi nthawi ya tsiku. Ndiye pali zinthu zina zomwe zimawakweza zosakhudza mapapo: njoka za m'mimba, likodzo, ziwengo za pakhungu, chimfine cha ziwengo, mankhwala ena. Ntchito ina ya maselo amenewa m'thupi ndi kulimbana ndi njoka zomwezo. Malire a 100 ndi 300 anachokera kwambiri ku kafukufuku wa ku Ulaya ndi ku America, komwe njoka za m'mimba si zambiri. Munthu wokhala komwe njoka ndi zofala angakhale ndi 500 chifukwa cha m'mimba, osati m'chifuwa. Ine ndikanakonda ayezenso kachiwiri, ndi chimbudzi chomwe, asanamange mankhwala a moyo wonse pa nambala imodzi.

DotoloWaChifuwa:
Za njoka ndikuvomera kwathunthu, ndipo ndi mfundo yomwe ambiri timaiiwala. Koma pa kudikira sindikugwirizana nanu kwenikweni. Bambowa agonekedwa kawiri. Ngakhale nambala itatsika kufika 200, mbiri yawo ikulozabe komweko. Kuyezanso nkwabwino, koma kusachedwetse mankhwala.

WaMuLabu:
Kuyezanso ndi nkhani ya tsiku limodzi adokotala. Spirometry yomwe sinatheke ndi imene ikuchedwetsa.

NamwinoWakale:
Pa spirometry pomwepo ndiimepo, chifukwa ndinagwira makina amenewa zaka zambiri ndisanapume pa ntchito. Mwana wanga MwanaWachitatu, nkhalamba zambiri zomwe amati zalephera sizinalephere, zinangofulumizitsidwa. Ndikufunse: bambo ali ndi mano oikirira? Anapita patapita nthawi yaitali bwanji chitulukireni m'chipatala? Anadya kwambiri asanapite? Amamva bwino m'makutu?

MwanaWachitatu:
Mayi, mano oikirira ali nawo a m'mwamba, ndipo amagwedera. Ulendo woyamba panali patangotha sabata ziwiri atatuluka. Khutu lakumanzere silimva bwino.

NamwinoWakale:
Ndiye mwaona. Mano ogwedera amachititsa kuti milomo isagwire bwino kapaipi, mpweya nkumathawira m'mbali. Akakhala okhazikika timawasiya, akakhala ogwedera ndi bwino kuvula. Sabata ziwiri ndi msanga, chifuwa chimakhala chisanakhazikike, dikirani pafupifupi sabata zisanu ndi imodzi. Apite masana, atamaliza kutsokomola kwa m'mawa kuja. Akhale pampando, asadye zokhutitsa, lamba amasule. Woyezayo aime mbali ya khutu lakumva ndipo ayambe wachita yekha kuti bambo aone. Apatsidwe mpata wopuma pakati, si mpikisano. Ngati sangathe kutulutsa mpweya mpaka kumapeto, funsani ngati makinawo amawerenga za masekondi asanu ndi limodzi, amati FEV6, imathandiza kwa ofooka.

Ndipo iwe mwana udzakhale nawo m'chipindamo. Nkhalamba ikaona nkhope yakwawo imalimba mtima.

Kalikokha:
Zoona mayi. Amayi anga anakwanitsa tsiku lomwe mdzukulu wawo anali kuwawerengera mokweza.

MphunzitsiWaSayansi:
Ine ndili ndi nkhawa ndi 0.7 ija. Mapapo amakalamba ngati thupi lonse. Munthu wa zaka 80 amene sanasutepo, wopanda vuto lililonse, angapezeke pansi pa 0.7 chifukwa cha ukalamba wokha. Ndiye sitikupatsa nkhalamba zathanzi dzina la matenda?

DotoloWaChifuwa:
Aphunzitsi mwakhudza mkangano weniweni wa akatswiri. Ndi zoona kuti malire a 0.7 amachulutsa okalamba opezeka ndi COPD, ndipo amaphonya achinyamata ena. Nchifukwa chake ena amakonda kuyerekeza munthu ndi anzake a msinkhu wake, kutalika kwake, mwamuna kapena mkazi, nkuona ngati ali m'gulu la 5 pa 100 otsikitsitsa. Koma kwa bambo osuta zaka zoposa makumi anayi, obanika posamba, sindikuganiza kuti nambala idzakhala ya m'malire.

OsandinamizaIne:
Chabwino, za ma eosinophil ndamva. Nanga CRP 9? Ine anandiuza kuti ikapitirira 5 ndiye kuti muli matenda m'thupi. Bwanji sanawapatse maantibayotiki?

WaMuLabu:
CRP imapangidwa ndi chiwindi thupi likatupa pena pake. Vuto lake siinena kuti pati. Nyamakazi imaikweza, kunenepa kumaikweza, chiseyeye, bala la pamwendo, matenda a m'chikhodzodzo. Ndiye ukalamba pawokha umabwera ndi kutupa kwapansipansi kosatha, komwe wasayansi wa ku Italy Claudio Franceschi anakutcha inflammaging mu 2000. Nchifukwa chake 9 mwa munthu wa zaka 76 wa chifuwa chokhalitsa sindingathamange nayo. Ili ndiye vuto la zoyeza zambiri za m'magazi mwa okalamba: munthu mmodzi amakhala ndi matenda atatu anayi, onse akulankhulira m'magazi omwewo.

DotoloWaChifuwa:
Pomwe CRP imagwira ntchito ndi tsiku lomwe chifuwa chathina mwadzidzidzi, dokotala akuganiza zopereka maantibayotiki kapena ayi. Ku England ndi Wales anachita kafukufuku wotchedwa PACE, wofalitsidwa mu 2019, wa odwala oposa 600. Ena anawabaya chala kuyeza CRP pomwepo, ena anawathandiza mwa nthawi zonse. Malangizo anali akuti pansi pa 20 maantibayotiki mwina sathandiza, pamwamba pa 40 athandiza, pakati apo yang'anani ngati makhololo asanduka achikasu kapena obiriwira. Omwe anamwa maantibayotiki anatsika kuchoka pa 77 pa 100 kufika pa 57 pa 100, ndipo odwalawo sanaipirepo. Kwa nkhalamba izi nzofunika, chifukwa maantibayotiki osafunika amatsegula m'mimba, amasemphana ndi mankhwala ena, ndipo tizilombo timazolowera.

Ma eosinophil ayesedwanso pa tsiku lotereli. Mona Bafadhel ndi anzake ku Leicester anaonetsa mu 2012 kuti odwala omwe ma eosinophil awo ndi ochepa sapindula ndi prednisolone ngati anzawo. Ku Denmark mu 2019 anayesa pa ogonekedwa, kumayeza tsiku lililonse nkupereka steroid pokhapokha nambala ili pamwamba, ndipo masiku omwa steroid anachepa kuposa theka. Prednisolone amakweza shuga, amafewetsa mafupa, amafooketsa minofu. Agogo omwa kanayi pa chaka mphamvu za m'miyendo zimatha msanga.

OsandinamizaIne:
Koma munthu akubanika pamaso panu mudikire labotale?

DotoloWaChifuwa:
Ayi. Wobanika kwambiri amathandizidwa kaye. Izi ndi za omwe pali mpata woganiza.

MayiWaAnaAnayi:
Pepani ndikupatutseni pang'ono. Nonse mukunena za fodya. Amayi anga ali ndi zaka 69, ndudu sanaigwirepo, koma anawapeza ndi COPD. Achibale ena mpaka anayamba kunong'ona kuti ankasuta mobisa. Amayi analira.

NamwinoWakale:
Pepani mayi, auzeni achibalewo aleke. Bungwe la WHO limanena kuti m'maiko olemera fodya ndiye amayambitsa oposa 70 pa 100 a matendawa, koma m'maiko osauka ndi apakati ndi 30 mpaka 40 pa 100 okha. Utsi wophikira m'nyumba yosatuluka mpweya kwa zaka makumi, fumbi la kuntchito, TB yomwe inachira koma nkusiya zipsera, mphumu ya kuubwana, kubadwa wosakwana masiku, zonsezi zimafikitsa komweko. Ndinasamalira amayi ambiri otere.

GogoWaMpopero:
Ngakhale ife osutafe, chonde musamatiweruze tikudwala. Tinayamba tili ana, palibe ankatiuza. Kusiya ndinasiya ndili ndi zaka 63, ndipo ndi chinthu chovuta kuposa chilichonse chomwe ndinachitapo.

MwanaWachitatu:
Agogo mwandikhudza. Ine ndimawakalipira bambo nthawi zina ndikatopa usiku. Ndisiya.

MphunzitsiWaSayansi:
Kwa a MayiWaAnaAnayi, pali choyeza chimodzi cha magazi chomwe chimafika pafupi ndi chomwe a MwanaWachitatu ankafuna, ngakhale chimaonetsa chifukwa osati matendawo. Ndi alpha-1 antitrypsin. Chiwindi chimapanga puloteni imeneyi kuti iziteteza mapapo ku mankhwala omwe maselo athu oyera amatulutsa polimbana ndi tizilombo. Ena amabadwa ndi yochepa, mapapo nkumadyeka okha, makamaka akasuta. Anazitulukira ndi Carl-Bertil Laurell ndi Sten Eriksson ku Malmö, Sweden, mu 1963. WHO imalangiza kuti aliyense wa COPD ayezedwe kamodzi pa moyo wake.

WaMuLabu:
Zoona aphunzitsi, koma tinene zonse. Mtundu woopsa wa vuto la puloteniyi umapezeka kwambiri mwa anthu a makolo a kumpoto kwa Ulaya, mwa anthu ena ndi wosowa. Kawirikawiri umaonekera munthu asanakalambe, zaka za m'ma 40 kapena 50, kapena pabanja pakhala matenda a chiwindi osadziwika chifukwa. Ndipo puloteniyi imakwera munthu akadwala, ndiye mukayeza chifuwa chitathina ingaoneke yabwino pomwe ndi yochepa. Kwa amayi a zaka 69 ophika pa utsi moyo wonse, ine ndingaloze utsi kaye.

MphunzitsiWaSayansi:
Sindikutsutsa. Koma ikapezeka imathandiza ana ndi adzukulu kudziwa kuti asayandikire fodya.

MphwakeWaMalume:
Ndibwerere ku mabotolo atatu aja. Achemwali, pa pepalapo pali polembedwa BNP kapena NT-proBNP? Ndikufunsa chifukwa cha malume anga. Anakhala chaka chathunthu akupopera, kusintha mipopero, osasintha kanthu. Usiku ankagona chokhala, mapilo atatu, miyendo yotupa. Aliyense ankati ndi chifuwa cha fodya chija. Tsiku lina dokotala wina anayeza magazi amenewa, nambala inali kumwamba, atajambula mtima anapeza kuti ukulephera kupopa. Atawapatsa mankhwala ochotsa madzi ndi a mtima, sabata imodzi anagona chogona koyamba. COPD anali nayo ndithu, koma chomwe chinkawabanikitsa kwambiri chinali mtima. Chaka chonse chija chimandiwawabe.

MwanaWachitatu:
Palibe zimenezo papepala. Koma mapazi amatupa madzulo.

DotoloWaChifuwa:
Kawauzeni adokotala za mapaziwo, ndipo funsani za NT-proBNP. Fodya yemwe anaononga mapapo amaononganso mitsempha ya mtima, ndiye matenda awiriwa amayendera limodzi kwambiri mwa okalamba. Mtima ukalemedwa umatulutsa chinthu chimenechi m'magazi. Ikakhala yotsika, pansi pa 125 mwa munthu yemwe sanadwalike mwadzidzidzi, kulephera kwa mtima nkokayikitsa. Ikakwera siitsimikiza, chifukwa imakweranso ndi zaka, ndi impso zofooka, ndi mtima wogunda mosalongosoka, ndiye pamafunika kujambula mtima. D-dimer, yomwe timayeza tikakayikira kuti magazi aundana m'mapapo, nayonso imakwera ndi ukalamba, moti kwa opitirira zaka 50 ambiri amachulukitsa zaka ndi 10 kuti apeze malire.

Za Hb yomwe munaopa, yomwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa magazi: 16.9 kwa mwamuna ndi kumapeto kwa muyeso kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi labotale. Okosijeni akamachepa m'magazi nthawi yaitali, impso zimatulutsa uthenga woti mafupa apange maselo ofiira ambiri. Ndiye nambalayi ikundiuza kuti awapanike kachipangizo kapachala koyeza okosijeni kaja, ali chikhalire komanso atayenda. Okalamba ambiri a COPD vuto lawo limakhala losiyana, magazi ochepa, zomwe zimaonjezera kubanika ndipo zimachizika.

NamwinoWakale:
Ndipo akadzagonekedwanso, mudziwe kuti kwa a COPD okosijeni timafuna akhale pakati pa 88 ndi 92, osati 100. Achibale ambiri amatsegula okha mpweya usiku poganiza kuti akuthandiza. Kwa ena mpweya woipa umadzadzana m'magazi, munthu nkuyamba kusinza osadzuka. Magazi a pamtsempha wa padzanja aja opweteka aja amayeza zimenezo.

Mkamwini77:
Mayi, izi ndinazichitapo ine kwa apongozi. Sindinkadziwa. Zikomo.

WofufuzaUsiku:
Ine ndinawerenga pa intaneti kuti fibrinogen, puloteni yothandiza magazi kuundana, inavomerezedwa ndi FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, ngati chizindikiro cha COPD. Bwanji palibe akuitchula? Palinso zina, CC16, SP-D, sRAGE.

WaMuLabu:
Inavomerezedwa, koma pa ntchito ina. Ndi yothandiza ofufuza kusankha odwala olowa mu kafukufuku wa mankhwala, chifukwa omwe ali pa 350 kupita m'mwamba, monga gulu, amagonekedwa ndi kumwalira kwambiri. Siyopezera matenda, ndipo dokotala sasintha mankhwala chifukwa cha iyo. Zinazo zimachokeradi m'mapapo ndipo zikufufuzidwa, koma manambala a odwala ndi a anthu abwino amalowana kwambiri moti sungaweruze munthu mmodzi.

MphunzitsiWaSayansi:
Kafukufuku wa ECLIPSE anatsata odwala pafupifupi 2,000 kwa zaka zitatu, akuyeza zinthu zisanu ndi chimodzi za kutupa m'magazi. Pafupifupi 30 pa 100 analibe chizindikiro chilichonse chokwera, chonsecho COPD ali nayo. Okwana 16 pa 100 anali ndi kutupa kosatha, ndipo mwa amenewa 13 pa 100 anamwalira, poyerekeza ndi 2 pa 100 mwa opanda kutupa. Ndiye magazi amanenadi kanthu za tsogolo, koma mukawagwiritsa ntchito popeza matenda mungaphonye munthu mmodzi mwa atatu. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti choneneratu bwino kuposa zonse ngati chifuwa chidzathina chaka chamawa ndi kufunsa kuti chathina kangati chaka chatha.

GogoWaMpopero:
Ndiye nkoyenera kulemba. Ine ndili ndi kabuku, ndimalemba tsiku lomwe ndayamba, mtundu wa makhololo, mankhwala omwe ndamwa, ndi nambala ya ma eosinophil akayeza. Dokotala aliyense watsopano ndimamupatsa kabukuko asanandifunse.

WofufuzaUsiku:
Nanga jakisoni watsopano uja?

DotoloWaChifuwa:
Dupilumab. Anavomerezedwa pa COPD mu 2024 kwa omwe ali ndi ma eosinophil 300 kapena kuposa, ndipo chifuwa chikuwathinabe ngakhale ali pa mankhwala atatu opopera. Mu kafukufuku wa BOREAS ndi NOTUS anachepetsa kuthina kwa chifuwa ndi pafupifupi 30 pa 100. Ndi wodula kwambiri ndipo sapezeka paliponse. Bambowa sanafike poganizira zimenezo, sanayambe nkomwe mpopero woyenera, masewero olimbitsa kupuma, ndi katemera wa chimfine ndi chibayo.

OsandinamizaIne:
Ine ndikadali ndi dandaulo. Zonsezi bwanji sanawafotokozere achemwaliwa kuchipatala konko? Munthu kupatsidwa pepala la manambala nkupita nalo kunyumba osadziwa kanthu.

DotoloWaChifuwa:
Dandaulo limenelo ndi loona ndipo sindidziikira kumbuyo. Timathamanga, koma si chifukwa chokwanira. Achemwali, mukapita lembani mafunso atatu papepala: ma eosinophil ayezedwenso, mtima uonedwe, okosijeni ayezedwe atayenda.

MwanaWachitatu:
Ndabweranso patapita sabata zisanu. Mayi NamwinoWakale, Mulungu akudalitseni. Tinapita masana, mano anavula, ine ndinaima kumbuyo nditawagwira phewa. Anauzira kasanu, zitatu zinavomerezeka. Nambala yatuluka 0.52, ndi COPD ndithu. Bambo atamva anangoti, bola ndadziwa dzina lake.

Ma eosinophil ayezanso, 0.31. Chimbudzi alibe njoka. Awayambitsa mpopero wa mankhwala atatu, kamodzi pa tsiku. Okosijeni ali chikhalire 91, atayenda pakhonde anatsika kufika 86, ndiye akuti awaonanso. NT-proBNP yatuluka 610, atipatsa tsiku lojambula mtima mwezi wamawa. Zimenezi zikundidetsa nkhawa, sindibisa.

MphwakeWaMalume:
Nkhawa ndikuimvetsa achemwali, koma bola aona msanga. Muziwayeza sikelo m'mawa uliwonse podikira. Akakwera makilogalamu awiri m'masiku atatu, kapena akalephera kugona chogona, musadikire tsikulo.

NamwinoWakale:
Ndasangalala mwana wanga. Akamaliza kupopera azichukucha m'kamwa ndi madzi nkulavula, mano oikirirawo azitsukanso, apo ayi m'kamwa mumatuluka zoyera. Ndipo uziwayang'ana popopera, ngati mphamvu yokoka mpweya ndi yochepa mpopero wa ufa sufika m'mapapo, kawauze asinthe.

Mkamwini77:
Nafenso tayezanso apongozi ali bwino, yatuluka 0.18, osati ziro. Adokotala akuti apitirize mpopero chifukwa anagonekedwa chaka chino. A WaMuLabu, ndiye tidzayezenso liti?

WaMuLabu:
Akakhala bwino, kamodzi pa chaka pamodzi ndi magazi ena nkokwanira, kapena dokotala akafuna kusintha mankhwala. Mudzangowauza oyezawo ngati amwa prednisolone mwezi umenewo, ndipo pepala lililonse muzisunga.